Nchima za pa Phiri la Ntchisi ndi Kusintha kwa Nyengo: Mafunso ndi Mayankho

Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali pamene dera lokwera la chigawo chapakati limathera n'kuyamba kutsetsereka kulowera ku nyanja ya Malawi, ndipo ngakhale mbali yaikulu ya mapiriwa inasanduka minda ya chimanga, fodya, soya ndi mtedza, pamwamba pake patsala nkhalango zimene zikusungabe nyama zakutchire zosatha kukhala kwina kulikonse m'derali. Mafunso otsatirawa akuunika mmene kusintha kwa nyengo kukukhudzira nyamazi, makamaka nchima, ndiponso zimene zingachitike kuti zipirire.

Kodi nkhalango ya pamwamba pa phiri la Ntchisi imasiyana bwanji ndi nkhalango zina za m'chigawo chapakati?

Nkhalango zambiri za m'chigawochi ndi za miombo, kutanthauza nkhalango za mitengo monga mombo, tsamba ndi mtondo, imene imayoyola masamba m'chilimwe, imalola dzuwa kufika pansi kotero kuti udzu umamera pakati pake, ndipo imapirira moto chifukwa makungwa ake ndi okhuthala komanso zitsa zake zimaphukiranso zikapsa. Nkhalango yotetezedwa ya Ntchisi, imene boma la atsamunda linaikhazikitsa mu 1924 ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 9,700, mbali yake yaikulu ndi miombo yomweyi. Koma pamwamba pa phirilo, limene nsonga yake imapitirira mamita 1,600 poyerekeza ndi madzi a nyanja zamchere, pali msitu wosiyana kotheratu, wa mahekitala mazana ochepa chabe, umene umakhala wobiriwira chaka chonse. Mitengo yake ndi italiitali ndipo nthambi zake zimakumana pamwamba mpaka kutsekereza dzuwa. Akachere amamera pa nthambi za mitengo ina, n'kutsitsa mizu yawo mpaka pansi, ndipo mizuyo ikakula imakulunga mtengo umene unawalera mpaka kuupha, n'kusiya mphako pamene panali thunthu. Zilambe zimalendewera, ndere zimakuta makungwa, ndipo munthu akapisa dzanja m'masamba ovunda a pansi ngakhale mu Seputembala, pamene tchire la m'munsi lili gwa, amapeza chinyontho.

Msitu wotere umakhalapo chifukwa cha mmene phirilo linakhalira. Mpweya wonyowa wochokera kum'mwera chakum'mawa umadutsa pa nyanja ya Malawi, imene madzi ake ali pa mamita pafupifupi 474, kenako umakakamizika kukwera mtunda wopitirira kilomita imodzi, ndipo pokwerapo umazizira n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza, monga zimachitikira m'nyengo ya chiperoni pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Masamba ndi ndere zimakola timadontho ta nkhunguyo n'kutigwetsera pansi, kotero msituwo umalandira madzi ngakhale m'miyezi imene m'midzi ya m'munsi simugwa mvula.

M'msitumu ndimo mumakhala nchima, nyama ya mtundu wa pusi koma yokulirapo, ya ubweya wotuwa mwakuda ndi mchira wautali, imene imathera nthawi yake yambiri m'nthambi ndipo sikonda kuyenda mtunda wautali pansi popanda mitengo. Mulinso mbawala, agwape, nguluwe, anungu, achanga ndi mbalame zodya zipatso monga nkulukulu, pamene anyani ndi apusi amakonda miombo ndi m'malire mwa minda. Mbiri ya pakamwa imanena kuti msituwu unali pothawira pa Achewa m'zaka za m'ma 1800 pamene Angoni ankathira nkhondo midzi ya m'munsi, ndipo n'zoyenera kukumbukira kuti anthu a m'derali anausunga msituwu zaka zambiri boma lisanaikepo malire ake.

Kodi nyengo yasintha motani, ndipo kutentha kwa digiri imodzi yokha kuli ndi kanthu?

Zolembera za akatswiri a zanyengo zimasonyeza kuti pakati pa 1960 ndi 2006 kutentha kwa dziko la Malawi, powerengera chaka chonse, kunakwera ndi madigiri 0.9 a Celsius, ndipo masiku ndi mausiku otentha kwambiri anachuluka. Nambalayi imaoneka yochepa kwa munthu wokhala m'chigwa, koma pa phiri ili ndi tanthauzo lina, chifukwa mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 0.6 pa mamita 100 alionse amene munthu wakwera. Izi zikutanthauza kuti nyengo imene mtengo kapena nyama inkaipeza pamalo ena ake mu 1960 inasunthira m'mwamba ndi mamita pafupifupi 150 pofika 2006, ndipo popeza msitu wa Ntchisi unangokuta kachigawo ka pamwamba pa phiri, mamita 150 ndi gawo lalikulu la malo ake onse. Mitengo sikwera phiri mofulumira chotero, ndipo pamwamba pa nsonga palibenso dothi lina loti imerepo.

Kutentha kumakhudzanso nkhungu. Mpweya ukakhala wotentha, ndiponso ukadutsa pa mapiri opanda mitengo amene dzuwa lawaotcha, umayenera kukwera kwambiri usanasanduke mtambo, kotero malire a m'munsi a nkhungu amasunthira m'mwamba ndipo mitengo ya m'mphepete mwa msitu imatsala padzuwa. Pamwamba pa izi pali kusadalirika kwa mvula, imene alimi amaiona ikuchedwa kuyamba, ikudukiza ndi ng'amba pakati pa dzinja, kapena ikugwa yambiri pa masiku ochepa n'kukokolola nthaka m'malo molowa pansi. Chilala cha 2015/16 ndi cha 2023/24 chinadza ndi El Niño, kumene kuli kutentha kwa madzi a pamwamba pa nyanja ya Pacific kumene kumachepetsa mvula kum'mwera kwa Africa, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi. El Niño ndi wakalekale, koma chilala chimene chimagwera dziko lotentha kale chimaumitsa nthaka, masamba ndi akasupe mofulumira kuposa chilala cha m'zaka za makolo.

Nanga bwanji nyamazi sizingosamukira kumalo ena ozizira?

Akatswiri amaitcha misitu ya pamwamba pa mapiri kuti zilumba, chifukwa kwa nyama yozolowera mthunzi ndi chinyontho, minda ndi midzi yozungulira phiri n'zovuta kuoloka. Msitu wina wofanana nawo uli pa phiri la Chipata, m'malo osungira nyama a Nkhotakota, chakumpoto kwa Ntchisi, koma pakati pa awiriwa pali minda, misewu, agalu ndi misampha. Nyengo inasinthapo kambirimbiri m'zaka zikwizikwi zapitazo, misitu n'kumakula ndi kuchepa, koma nthawi imeneyo nyama zinkatsata mitengo ya m'mbali mwa mitsinje kuchoka phiri lina kupita lina. Njira zimenezi ndi zimene zadulidwa m'zaka zochepa zapitazi, pamene chiwerengero cha anthu m'Malawi chakwera kuchoka pa 4 miliyoni mu 1966 kufika pa 17.5 miliyoni mu 2018, chaka chimene kalembera anapeza anthu oposa 770,000 ku Dowa ndi oposa 310,000 ku Ntchisi.

Zotsatira za kutsekeredwa pa nsonga zinaoneka bwino ku Peru, pa phiri la Pantiacolla, pamene ofufuza anawerenga mbalame mu 1985 ndipo gulu lina lotsogozedwa ndi Benjamin Freeman linabwereza ntchitoyo mu 2017. Mbalame zambiri zinali zitasunthira m'mwamba, ndipo mwa mitundu 16 imene kale inkapezeka cha ku nsonga kokha, mitundu 8 sinapezekenso, ngakhale kuti nkhalangoyo sinadulidwe.

Kwa nchima palinso vuto la mtundu. Gulu la nchima limakhala ndi yamphongo yaikulu imodzi, zazikazi zingapo ndi ana. Zazikazi zimakhala m'gulu limene zinabadwira moyo wonse, koma zamphongo zikakula zimachoka kukafuna gulu lina. Ngati palibe kolowera, nyama zimayamba kuberekana pachibale, zimene zimafooketsa ana ndi kuchepetsa mphamvu ya mtundu wonse yolimbana ndi matenda. Ndipo popeza nchima yaikazi imayamba kubereka itatha zaka zisanu kapena kuposerapo, n'kumabereka mwana mmodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu, gulu limene lataya ana m'chaka cha chilala limatenga zaka zambiri kuti libwerere mwakale.

Kodi kusintha kwa nyengo kumafika bwanji pa chakudya cha nyamazi?

Mitengo imachita maluwa ndi kubereka potsata zizindikiro za nyengo, monga kuzizira kwa usiku, kutalika kwa chilimwe ndi kuyamba kwa mvula, ndipo nyama zinazolowera kubereka ndi kuyamwitsa panthawi imene chakudya chili chambiri. Zizindikirozi zikasokonezeka, mtengo ukhoza kukhala wobiriwira ndi wathanzi poupenya koma osabereka. Ku Lopé, m'dziko la Gabon, ofufuza amene akhala akuyang'ana mitengo yomweyomweyo mwezi ndi mwezi anapeza kuti kubereka kwa zipatso kunatsika ndi 81 peresenti pakati pa 1986 ndi 2018, ndipo njovu za m'nkhalangoyo zinayamba kuoneka zoonda. Mitengo ina ya kumeneko imafuna kuti usiku uzizire kutsika pa madigiri 19 kuti ichite maluwa, ndipo mausiku otere akucheperachepera. Ku chilumba cha Kodiak ku Alaska, zimbalangondo zofiirira zinkadya nsomba m'mitsinje kenako n'kusamukira ku zipatso zakutchire, koma m'chaka chotentha cha 2014 zipatsozo zinapsa msanga, nthawi imodzi ndi kukwera kwa nsomba, ndipo zimbalangondozo zinasiya mitsinje n'kupita ku zipatso, kotero nyengo ziwiri za chakudya zimene zinkatsatizana zinasanduka imodzi.

Nchima zili ndi mwayi umodzi, woti sizidalira zipatso zokha. Zimadya masamba anthete, maluwa ndi tizilombo, ndipo mimba yake imatha kugaya masamba kuposa ya apusi, kotero zimatha kudutsa miyezi yosowa. Komabe masamba sapereka mphamvu yokwanira kwa nyama yoyamwitsa, ndipo apa mpamene mitengo ya mtundu wa mkuyu ndi kachere imakhala yofunika kuposa ina yonse, chifukwa sibereka nthawi imodzi, mtengo uliwonse uli ndi nthawi yakeyake, kotero pafupifupi mwezi uliwonse pamapezeka wina wokhala ndi nkhuyu zakupsa. Kumapeto kwa chilimwe ndi kuyambiriro kwa dzinja miombo yoyandikana ndi msitu imawonjezera maula ndi masuku. Ndiye kuti kudula kachere mmodzi wamkulu kapena misuku ya m'mphepete kumachotsa chakudya cha nthawi yovuta kwambiri pa chaka. Ndipo ubalewu ndi wa mbali ziwiri, popeza nchima ndi nkulukulu ndizo zimamwaza njere za mitengo ya msitu kutali ndi tsinde, kotero zikachepa, msitu nawo umalephera kudzibzala.

N'chifukwa chiyani moto ukutchulidwa ngati choopsa chachikulu kuposa kutentha kumene?

Chifukwa kutentha kumafooketsa msitu pang'onopang'ono, koma moto ndiwo umasuntha malire ake. Mitengo ya msitu wobiriwira ili ndi makungwa opyapyala ndipo sinazolowere moto monga miombo. Chimene chimaiteteza ndi chinyontho cha masamba a pansi, amene sayaka. M'chaka chabwino moto wochokera m'munsi umakwera ndi udzu, ukafika pa mthunzi wa msitu n'kuzima wokha. M'chaka cha chilala, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene mvula ya chizimalupsa yachedwa ndipo mphepo ikuomba, masamba a m'mphepete amauma ndipo moto umalowa mamita angapo. Motowo suoneka woopsa, umangonyeka pansi wosafika ngakhale m'mawondo, koma umawamba matsinde ndi kupha timitengo tonse tating'ono. Pakatha miyezi mitengo ikuluikulu yowambidwayo imauma, denga la masamba limatseguka, dzuwa limalowa, udzu umamera pamene kale sunkamera, ndipo chaka chotsatira udzuwo umasanduka nkhuni za moto waukulu kuposa woyamba. Umu ndi mmene msitu umabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka popanda nkhwangwa kuugunda.

Moto wambiri umayatsidwa ndi anthu: osaka mbewa, osaka nyama ndi agalu, ofula njuchi ndi muuni, ososa minda ndi ofuna msipu watsopano wa ziweto. Choncho moto ndi mbali ya vutoli imene anthu a m'derali angaigwire ndi manja awo, pamene kutentha kwa dziko lonse sangakuletse. Njira zake n'zodziwika ndipo sizifuna makina. Yoyamba ndi kulambula mizere yotchinga moto kuzungulira msitu udzu usanaume. Yachiwiri ndi kutentha tchire msanga, mu Meyi kapena Juni, madzulo kapena m'mamawa, pamene udzu ukadali ndi chinyezi, kotero moto umayenda pang'onopang'ono, umasiya zigamba zosapsa, suwononga ziphukira, ndipo umachotsa udzu umene ukanadyetsa moto wolusa wa mu Okutobala. Yachitatu, imene kawirikawiri imanyozedwa, ndi kusunga miombo yozungulira msitu, chifukwa miombo yothithikana imachepetsa udzu, imatchinga mphepo youma ndipo imagwira ntchito imene khonde limagwira pa nyumba ya zidina, yoteteza chipupa kuti chisakumane ndi nyengo maso ndi maso. Kuteteza mahekitala ochepa a pamwamba n'kulekerera miombo ya m'munsi kuti ithe ndi kulakwitsa kwakukulu.

Kodi umphawi ndi njala za anthu zikulowa bwanji m'nkhaniyi?

Kusintha kwa nyengo kumafika pa phiri kudzera m'njira ziwiri, ya mlengalenga ndi ya m'mudzi, ndipo yachiwiriyi ndi yofulumira. Chimanga chikapserera ndi ng'amba, banja limasaka ndalama yogulira chakudya, ndipo chuma chokhacho chimene chili pafupi ndi mitengo ya m'phiri, imene imasanduka makala, nkhuni ndi matabwa, pamodzi ndi nyama zimene zimakodwa m'makhwekhwe. Chaka chimene nkhalango yafooka ndi chilala ndicho chaka chomwe imadulidwa kwambiri.

Mapiri a Dowa akusonyeza kumene njirayi imathera. Derali lakhala likulima fodya kuyambira m'zaka za m'ma 1920, ndipo fodya wa chikopa amafuna nkhuni zomufukizira pamene wa bale amafuna mitengo ya zigafa. Mzinda wa Lilongwe, umene makomo ake ambiri amaphikira makala, uli pafupi, ndipo misewu ya tala yodutsa ku Mponela ndi ku Mvera imafupikitsa ulendo wa thumba la makala. Msasa wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu othawa kwawo, tsopano uli ndi anthu oposa 50,000, amene nawonso ayenera kuphika tsiku lililonse monga wina aliyense. Nkhalango zotetezedwa za Kongwe ndi Dowa Hills zatsala pakati pa mapiri ometedwa, ndipo nyama zimene zapirira m'malo otere ndi zija zotha kukhala pa miyala ndi m'mapanga, monga anyani, mbira ndi afisi. Si chilungamo kuloza chala wootcha makala yekha pamene wogula ali m'tauni, ndipo m'dziko limene makomo oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, mbaula zosunga nkhuni monga chitetezo mbaula, gasi wotsika mtengo ndi magetsi odalirika ndi mbali ya ntchito yoteteza nchima, ngakhale sizioneka choncho.

Kodi sizingathandize kuzipatsa chakudya kapena kuzisamutsira kwina?

Kupatsa chakudya nyama za mtundu wa pusi kumabweretsa mavuto oposa amene kumathetsa, chifukwa zimasiya kuopa anthu, zimazolowera chakudya cha m'munda, zimapatsirana matenda pamalo odyera, ndipo mapeto ake zimaphedwa ngati mbava.

Kusamutsa nyama kuli ndi malo ake. Ku mapiri a Pyrenees, pakati pa France ndi Spain, zimbalangondo zinatsala pang'ono kutha, ndipo kuyambira 1996 anabweretsako zina kuchokera ku Slovenia, mpaka pofika 2023 zinapitirira 80, ngakhale mkangano ndi oweta nkhosa sunathe. Pafupi ndi Ntchisi pomwepa, bungwe la African Parks, limene linayamba kuyendetsa malo a Nkhotakota mu 2015 mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, pamalo pamene njovu zinali zitatsika kuchoka pa 1,500 kufika posakwana 100. Koma m'zitsanzo ziwirizi malo okhala analipo, chimene chinkasowa chinali nyama. Pa phiri la Ntchisi zinthu n'zotembenuka: nyama zilipo, chimene chikuchepa ndi malo. Ndalama zimene zingawonongeke pogwira ndi kunyamula nchima zingalipire olambula mizere ya moto ndi alonda a nkhalango kwa zaka zambiri.

Nanga njira zolumikiza nkhalango zingabwezeretsedwe bwanji m'dera lodzaza minda?

Palibe amene angaganize zosamutsa midzi kuti pamere nkhalango yosaduka, ndipo sizofunika kutero. Chimene nchima yamphongo yofuna gulu latsopano imasowa, chimodzimodzi mbalame yodya zipatso, ndi mzere wa mitengo yokhudzana nthambi, kapena timisitu toyandikana toti izipumiramo. Malo oyamba a mizere yotere ndi m'mbali mwa mitsinje, mmene katope, mbawa ndi mikuyu zimamera zokha ngati khasu lasiya mpata pakati pa dimba ndi madzi. Apa pali kukokana kwenikweni, chifukwa chilala chikakula madimba ndiwo amapulumutsa mabanja, ndipo alimi amawafutukula mpaka pa gombe. Koma gombe lopanda mitengo limagumuka, mtsinje umadzaza mchenga n'kuphwa msanga, kotero mlimi yemweyo amataya madzi amene amathirira.

Malo achiwiri ndi manda. Aliyense woyenda m'Dowa ndi Ntchisi amaona timisitu takuda pakati pa minda yoyera, ndipo pafupifupi tonseto ndi manda kapena madambwe a Gule Wamkulu, kumene mwambo suloleza kudula mtengo mwachisawawa. M'timisitu timeneti mwasungika mitengo yachilengedwe imene inatha m'minda, ndipo ndi nkhokwe ya njere zoyambira nazo. Mfumu ikawonjezera malire a manda ndi mamita ochepa, kapena ikalumikiza manda ndi nkhalango ya m'mudzi ndi mtsinje wapafupi, imachita ntchito imene palibe ofesi ya boma ingaichite. Pamene msewu wadula mzere wa mitengo, ofufuza a ku mapiri a Soutpansberg ku South Africa anasonyeza kuti nchima zimavomera kuolokera pa mitengo yopingasa pamwamba pa msewu m'malo motsikira pansi, pamene zimagundidwa ndi galimoto kapena kugwidwa ndi agalu.

Kodi kubzala mitengo chaka ndi chaka sikukuthetsa vutoli?

Nyengo yobzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndi yothandiza, koma mtengo wobzalidwa suwerengedwa tsiku lobzala; umawerengedwa ukapulumuka chiswe, mbuzi ndi moto wa chilimwe choyamba. Bulugama ndi paini sizipatsa nchima chakudya, ndipo bulugama wobzalidwa pa kasupe amamwa madzi ambiri. Malo ake oyenera ndi pafupi ndi mudzi, pamene amapereka nkhuni ndi milimo kuti nkhwangwa isakwere phiri. M'miombo njira yachangu ndi yotsika mtengo ndi kusamalira ziphukira, kutanthauza kusankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa, kudulira zotsalazo ndi kuziteteza ku moto, popeza mizu yake ndi yakale ndi yozama ndipo chilala sichiipha msanga. Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030, ndipo mbande za m'machubu zokha sizingafikitse dziko pamenepo.

Kodi alimi a m'malire, amene nyama zimawadyera mbewu, apindulanji?

Funsoli ndilo mutu wa nkhani yonse, ndipo siliyenera kuyankhidwa mopepuka. Mlimi wa m'dera la Nthondo kapena la Vuso Jere amene munda wake wagundana ndi nkhalango amagona m'chilindo kuyambira chimanga chikamasula mpaka kukolola, usiku kupirikitsa nguluwe, usana anyani ndi apusi, ndipo nthawi zina ana amajomba kusukulu kuti alondere. Zipatso zakutchire zikasowa, nyama zimatsikira m'minda kwambiri, chaka chomwecho chimene mlimi wakolola zochepa. Nchima si zimene zimawononga kwambiri, koma khwekhwe ndi galu sizisankha. Kulondera mogwirizana m'malo moti aliyense azilondera yekha, kulambula mpata pakati pa nkhalango ndi munda kuti nyama zizionekera patali, ndi kuika tsabola kapena mbewu zina zosakondedwa ndi nyama m'mizere yoyamba zimachepetsa chiwonongeko, ngakhale sizichithetsa.

Lamulo la zankhalango la 1997 linatsegula khomo loti midzi iziyendetsa nkhalango zotetezedwa pamodzi ndi boma, ndipo Ntchisi inali imodzi mwa nkhalango zimene zinagawidwa m'mabuloko pansi pa pologalamu yothandizidwa ndi European Union, buloko iliyonse ili ndi komiti yake yopereka zilolezo zotola nkhuni zouma, kumweta udzu, kuzula bowa, kutola mphalabungu ndi kupachika ming'oma. Dongosolo lotere limagwira ntchito pokhapo pamene phindu likuonekadi m'mudzi ndipo ndalama za zilolezo zikuwerengedwa poyera. Likasanduka la anthu ochepa, ena onse amabwerera kukaba usiku. Zilango zinakhwimitsidwa, mu 2017 pa milandu ya nyama zakutchire, imene ina imafika zaka 30 m'ndende, ndi mu 2020 pa milandu ya nkhalango, koma chilango sichilambula mzere wa moto. Mlimi wa njuchi amene ali ndi ming'oma makumi awiri m'miombo amathamangira kukazima moto popanda womutuma.

Phindu lalikulu koposa ndi madzi. Mitsinje monga Kaombe, Lifuliza ndi Likoa imachokera m'mapiri a Ntchisi, ndipo iwiri yomalizayi imathira m'thamanda la Chia ku Nkhotakota, kumene asodzi ndi alimi a mpunga amadalira madzi amene anayamba ngati nkhungu pa masamba a msitu. N'zomveka ndithu kuti amene amapindula kumunsi, kuphatikizapo mabungwe ogulitsa madzi ndi malo ogona alendo, azithandiza kulipira amene amalondera kumtunda.

Kodi zingadziwike bwanji kuti ntchitoyi ikuthandiza?

Kusintha kwa msitu n'kochedwa kotero kuti diso la munthu woupenya tsiku ndi tsiku silikuona, ndipo chifukwa chake pamafunika kaundula. Zinthu zoyenera kulemba si zambiri: chiwerengero cha nchima m'magulu odziwika pamodzi ndi ana obadwa chaka chimenecho, mwezi umene mitengo yoikidwa chizindikiro yachita maluwa ndi kubereka, masiku amene nsonga ya phiri yakutidwa ndi nkhungu m'miyezi ya chisanu, kuchuluka kwa madzi a akasupe mu Okutobala, ndi pamene moto walekezera chaka chilichonse, zimene zingatsimikizidwe pojambula chithunzi pamalo amodzimodzi ndi foni yam'manja. Zimene zinapezeka ku Lopé zinachokera kwa anthu oyenda pansi ndi zoonera patali ndi kope, amene sanadumphitse ntchitoyo kwa zaka zoposa 30. Alonda a nkhalango, operekeza alendo, makomiti a mabuloko ndi makalabu a zachilengedwe a m'sukulu zoyandikana ndi phiri angathe kuchita zomwezo, ndipo ophunzira a ku LUANAR ndi ku Mzuzu University angathandize kusanthula zolembedwazo. Popeza chaka chimodzi cha mvula yabwino kapena cha chilala chimatha kusocheretsa, zolemberazi zimayamba kunena zoona zikafika zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo ziyenera kusungidwa ku ofesi ya zankhalango ya pa boma komanso ku komiti ya buloko iliyonse, kuti mlangizi mmodzi akasamutsidwa ntchitoyo isathere pomwepo.